Mafunso a Owerenga: Injini Ikutenthabe, Koma Ogulitsa Akuti Vuto Ndi Langa

FUNSO: Akonzi, ndine mphunzitsi wa ku Katete. Ndinagula galimoto ya petulo yogwirapo kale ntchito, yochokera ku Japan, kwa ogulitsa ena a mu Chipata amene alinso ndi galaja yawoyawo, ndipo anandipatsa pepala la waranti ya miyezi 6 pa injini. Posakhalitsa galimotoyo inayamba kutentha ikamakwera zitunda, makamaka m'mapiri a pakati pa Nyimba ndi mlatho wa Luangwa. Madzi a mu rediyeta amachepa ngakhale pansi sipadontha kanthu, m'mawa injini imanjenjemera kenaka n'kukhazikika, ndipo nyali yachikasu ya injini imayaka. Kugalaja anasintha mapulagi, pambuyo pake makoyilo (opereka moto ku mapulagi), zonse ndi ndalama zanga. Ulendo womaliza anachotsa thermostat (kachipangizo kotsegula ndi kutseka njira ya madzi oziziritsa injini) n'kuzimitsa nyaliyo ndi kompyuta. Tsopano akuti vuto ndi petulo amene ndimathira komanso kayendetsedwe kanga, pamene waranti yatsala pang'ono kutha. Nditani?
Mphunzitsi wodandaula, Katete

YANKHO: Aphunzitsi, choyamba imikani galimotoyo pa maulendo ataliatali kufikira itapimidwa bwino. Kuchoka ku Chipata kukafika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570, ndipo injini imene ikumwa madzi ikhoza kuferatu pa chitunda chimodzi chokha cha msewu umenewo. Ikatentha muli panjira, musayerekeze kutsegula chivundikiro cha rediyeta isanazizire, chifukwa madzi owira amatumphuka ndi mphamvu n'kuwotcha nkhope ndi manja.

Galimoto yanu sindinaione, koma zizindikiro zimene mwatchula zikuloza mbali imodzi. Pakati pa mutu wa injini ndi thunthu lake pamakhala gasiketi, imene ntchito yake ndi kulekanitsa madzi, oyilo ndi moto wa m'masilinda. Gasiketiyo ikapsa kapena mutu ukapindika, madzi amalowa pang'onopang'ono m'silinda n'kutuluka ngati nthunzi ku ekizozi, n'chifukwa chake pansi simuonapo dontho. Usiku galimoto itaima, timadzi timadikha m'silindamo, ndiye m'mawa silinda imeneyo imakanika kuyaka bwino mpaka madziwo atauma. Kunjenjemera kumene mukunena kumachokera pamenepo. Pachitunda injini imagwira ntchito yolemetsa, mpweya wotentha wa m'silinda umakankhikira m'njira za madzi, ndipo muvi wa kutentha umakwera. Zoonadi, rediyeta yotsekeka, pampu ya madzi yotha, fani yosazungulira kapena chivundikiro chofooka zimatenthetsanso injini, koma pazokha sizifotokoza kunjenjemera kwa m'mawa pamodzi ndi madzi osowa popanda kudontha.

Chimene chandikhumudwitsa kwambiri m'kalata yanu n'chakuti palibe paliponse pamene mwanena kuti anaipima injiniyo. Kupimako sikovuta. Makaniko amapopera mpweya mu rediyeta ndi kapampu kokhala ndi geji, n'kuona ngati muvi ukutsika galimoto ili chiimire. Amapima mphamvu ya kupanikiza kwa silinda iliyonse, ndipo masilinda awiri oyandikana akakhala otsika kuposa anzawo, kawirikawiri gasiketi imakhala itang'ambika pakati pawo. Palinso kabotolo ka mankhwala abuluu kamene amakaika pakamwa pa rediyeta injini ikulira; ngati utsi wa m'silinda ukulowa m'madzi, mankhwalawo amasanduka achikasu inu mukuona. Ngakhale mapulagi akale aja akanatha kuulula zambiri, chifukwa pulagi ya m'silinda yolowa madzi imatuluka yoyera mbee, ngati yotsukidwa, pamene zinzake zili zoderako. Inunso mukhoza kutsegula chivundikiro cha pothirira oyilo injini itazizira: mukapeza phala loyererako pansi pake, n'kutheka kuti madzi afika kale mu oyilo.

Kuchotsa thermostat ndi chizolowezi chofala m'magalaja athu, ndipo ambiri amachiteteza ponena kuti kuno n'kotentha, chipangizocho anapangira maiko ozizira. Zimenezo si zoona. M'galimoto zambiri za ku Japan thermostat imayamba kutseguka pa madigiri pafupifupi 82, kuti injini ifike msanga pa kutentha kumene inapangidwira ndi kukhala pomwepo. Ikachotsedwa, injini imachedwa kufunda, imamwa petulo wambiri ndiponso imatha msanga, pamene vuto lenileni likupitirira kukula mobisika. Kuzimitsa nyali ndi kompyuta nakonso kuli ngati kumanga nsalu pachilonda chimene munga udakali mkati. Nyaliyo ikayaka, galimoto imasunga nambala ya vutolo: P0300 imanena kuti masilinda akulephera kuyaka mosasankha, pamene P0301 mpaka P0304 imatchula silinda yeniyeni, yoyamba mpaka yachinayi. Ikadzayakanso, musalole aliyense kufufuta musanajambule ndi foni zimene makinawo akuonetsa, ndipo ikamaphethira m'malo mongoyaka, imani ndithu chifukwa kuwonongeka kukuchitika nthawi yomweyo.

Tsono nkhani ya waranti ndiyo yofunika changu. Ndikuona ngati nthawi ikuwathandiza ogulitsawo kuposa inu, pakuti kukonza gasiketi kumafuna kutsitsa mutu wa injini, kuupima ngati wapindika kapena kung'aluka, mwinanso kuupala pamakina, ndipo imeneyo ndi ntchito yodula imene angakonde kuti igwere m'thumba mwanu miyezi 6 ikadutsa. Lembani kalata sabata ino, yopita kwa mkulu wa kampaniyo, osati kwa mnyamata wolandira makiyi. Mutchulemo tsiku logula, nambala ya galimoto ndi ya chasisi, makilomita amene yayenda, zizindikiro zonse, zimene anasintha ndi ndalama zimene munalipira, kenaka munene momveka kuti mukufuna injini ipimidwe ndi kukonzedwa pa waranti pofika tsiku lakutilakuti. Mukapereke makope awiri, imodzi akudindireni ndi kusainira kuti alandira. Kalata yodindidwa waranti isanathe imasonyeza kuti vutolo linadziwika nthawi ilipo, ndipo zimenezo n'zovuta kuzikana pambuyo pake. Mufunsenso makope a job card (pepala lolembapo ntchito imene agwira pa galimoto) a maulendo onse amene galimoto inalowa m'galajamo, musunge malisiti ndi mauthenga a pa WhatsApp, ndipo muitanitse mapulagi, makoyilo ndi thermostat zimene anachotsa, pakuti ndi zanu.

Pitaninso kwa makaniko wina wodziwa ntchito, wopanda ubale ndi ogulitsawo, kuti akapime kokha ndi kukulemberani zimene wapeza papepala losainidwa. Ndikubwereza, akapime kokha: asamasule injini kapena kusintha kanthu, chifukwa mapepala ambiri a waranti amanena kuti wina akangogwira injiniyo, lonjezo latha. Werengani lanulo mzere ndi mzere musanapite. Za petulo zimene akukunenezani nazo, afunseni alembe papepala kuti anapima motani n'kupeza kuti petuloyo ngoipa. Petulo woipa angathe kunjenjemeretsa injini, koma sangamwe madzi a mu rediyeta.

Akakana kapena akangokhala chete, lamulo la dziko la Zambia lili kumbali yanu. Lamulo la Competition and Consumer Protection Act, nambala 24 la chaka cha 2010, pa ndime 49 limaletsa kugulitsa katundu wowonongeka kapena wosayenera ntchito imene anagulidwira, ndipo limalamula kuti ntchito yochitira kasitomala igwiridwe mosamala, mwaluso ndiponso pa nthawi yoyenera. Wolephera kutero angalamulidwe kubweza ndalama kapena kubwereza ntchitoyo bwinobwino. Ndime 48 imaletsa zikwangwani zokana udindo, monga zija zakuti katundu akagulidwa sabwezedwa, kotero musachite nacho mantha chikwangwani chotere mukachiona pakhoma pawo. Dandaulo limapita ku bungwe la Competition and Consumer Protection Commission, limene ambiri amangoti CCPC, ndipo kudandaula kumeneko sikulipiritsidwa. Tengani pepala la waranti, malisiti, kalata yanu yodindidwa ndi lipoti la makaniko wachiwiri uja. Nkhani ikafuna bwalo la milandu ndipo mulibe ndalama za loya, a Legal Aid Board angakuunikireni njira. Galimoto ikadzakonzedwa, aibwezere thermostat yake, ndipo mu rediyeta muzithira kulanti (mankhwala oziziritsa injini) wosakaniza moyenera, osati madzi a pamjigo okha, amene amasiya dzimbiri ndi miyala m'timapaipi.

FUNSO: Akonzi, galimoto yanga imene ndimanyamulira anthu pakati pa Chipata ndi Lundazi yakhala m'galaja nthawi yaitali. Ndinalipiriratu theka la ndalama, koma tsiku lililonse akuti sipeyala ikuchokera ku Lusaka. Kodi ndingaichotse?
Dalaivala, Chipata

YANKHO: Bambo, galimoto ndi yanu ndipo mungaichotse, koma musaichotse mwaukali. Wagalaja angathe kuigwira ngati pali ntchito imene wagwira kale koma simunalipire, choncho yambani mwawerengerana. Auzeni akulembereni zimene achita, mtengo wa chilichonse, ndi dzina ndi nambala ya sipeyala imene akuti akudikira, komanso akuonetseni lisiti kapena umboni wakuti anaiitanitsadi. Mabasi a ku Lusaka amafika mu Chipata tsiku ndi tsiku, kotero sipeyala imene ilipodi m'sitolo kumeneko siyenera kutenga masabata. Ngati ikuchokera kunja kwa dziko, anene zoona ndi kupereka tsiku. Ndi nambala ija mukhoza kufunsa nokha kwa ogulitsa masipeyala ena, ndipo nthawi zina mudzapeza kuti ilipo mu Chipata momwemo.

Apatseni tsiku lomaliza polemba. Likadutsa, pitani ndi makaniko wanu masana, muwerenge pamodzi zonse zimene zinamasulidwa, muyang'ane batire, matayala, ma injector (opopera mafuta mu injini) ndi kompyuta ya galimoto ngati zili zomwe zija munabwera nazo, pakuti galimoto yokhalitsa m'galaja nthawi zina imasanduka pogwetsera masipeyala a galimoto za ena. Jambulani zonse musanaikoke, musainirane za ndalama zotsala, ndipo akakana kubweza za ntchito imene sanagwire, ndime 49 yomwe ija ikukhudzani inunso, chifukwa imanena za kugwira ntchito pa nthawi yoyenera. Popita ku CCPC mutenge lisiti ya theka limene munalipira lija.