Mtsempha wa m'khosi wachepa koma bambo sakumva kupweteka

Achemwali, mwafunsa kuti zatheka bwanji kuti sikani isonyeze mtsempha wa m'khosi mwa bambo anu wachepa pomwe iwo akudya ndi kuyenda bwinobwino. Zimatero kawirikawiri, ndipo kusamva ululu sikutanthauza kuti palibe vuto.

M'khosi muli mitsempha ikuluikulu iwiri, wina kumanja wina kumanzere, yopititsa magazi ku ubongo. Pansi pa chibwano uliwonse umagawika pawiri, ndipo pamphambano pamenepo ndi pomwe mafuta amakonda kumatirira, n'kumauma pang'onopang'ono kwa zaka, ngati dzimbiri mu paipi ya pa mjigo. Magazi amadutsabe, n'chifukwa chake munthu samva kanthu. Choopsa n'chakuti kachidutswa kakanyotsoka kamakatseka mtsempha waung'ono mu ubongo, sitiroko n'kugwa.

Zina zokulitsa vutoli ndi ukalamba, makamaka kupitirira zaka 65, kukhala mwamuna ndi za kumtundu, ndipo izi sitingazisinthe. Koma fodya ndiye wamkulu, kaya ndi ndudu za m'sitolo kaya chingambwe chopichira pa pepala: utsi umakanda khungu la mkati mwa mtsempha, mafuta n'kupeza pogwira. BP yokhala pa 140/90 kapena kuposa imachitanso chimodzimodzi usana ndi usiku. Onjezanipo shuga, mafuta oipa ochuluka m'magazi ndi matenda a impso. Zikakumana ziwiri kapena zitatu mwa munthu mmodzi, vuto limakula msanga.

Mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, supuni imodzi yaing'ono, kuwerengera ndi wa mu usipa wofutsa, soda wa mu therere ndi timakyubu tokometsera ndiwo. Chambo bambo asasiye, koma chikhale chowotcha kapena chophika, osati chokazinga m'mafuta obwerezabwereza. Aziyenda mwandawala mphindi 30, masiku 5 pa sabata.

Kukiliniki ya BP ndi shuga pa chipatala chachikulu cha Mangochi akayezetse zonse ziwiri, afunsenso za mankhwala otsitsa mafuta monga atorvastatin. Aspirin asayambe okha, amatha kutulutsa magazi m'mimba. Mankhwala a BP asamasiye poti akupeza bwino, apa ndi pomwe ambiri amagwera. Khosilo musalisisite mwamphamvu kapena kulitema mphini.

Mukaona kamwa lapotoka, mkono walefuka, mawu akumangika kapena diso limodzi lachita mdima, ngakhale zitatha pa mphindi 10, thamangirani nawo kuchipatala nthawi yomweyo, musadikire kuti kuche.