Mwana wanga akufuna kuphunzira zaulimi: kodi ndi ntchito ya madoda yamalipiro ochepa?

Mayi wina wandilembera imelo, ndipo funso lawo ndilifupikitsa chonchi. Mwana wawo wamkazi akumaliza sekondale ndipo mtima wake uli pa sayansi ya mbewu. Abale akumugwetsa ulesi. Akuti ukatswiri wa zaulimi ndi wa abambo achikulire, mtsikana sangapezemo malo, komanso malipiro ake sangafanane ndi a loya kapena dokotala. Mayiwo akufuna kudziwa ngati zimenezi n'zoona, ndiponso ngati amusiye mwanayo atsate zomwe akufuna kapena amulangize kusankha zina.

Mayi, abale anuwo sakunama kotheratu, koma aphatikiza nkhani ziwiri zosiyana. Anthu akamati ulimi wakalamba, kawirikawiri manambala omwe amatchula ndi a alimi eni minda, osati a akatswiri. Ku United States, kalembera wa zaulimi wa 2022 anapeza kuti avereji ya zaka za alimi ndi 58. Ku Japan, anthu omwe ulimi ndi ntchito yawo yeniyeni avereji yawo ili cha m'ma 69. M'mayiko a European Union, mu 2020, mwa oyang'anira minda atatu alionse mmodzi anali wa zaka 65 kapena kuposa, ndipo osafika zaka 40 anali pafupifupi 12 peresenti yokha. Chifukwa chake chachikulu ndi malo. Munda ndi wodula kugula, ndipo ambiri amaulandira makolo akamwalira, iwonso imvi zitayamba kale. Mwana wanu sakufuna kugula munda, choncho manambalawa sakumukhudza kwenikweni.

Akatswiri nawonso akalamba m'madera ambiri, koma chifukwa chake n'china. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, mayiko ambiri osauka anatenga ngongole ku World Bank ndi IMF pa malamulo oti achepetse ndalama zomwe boma limagwiritsa ntchito. Njira yosavuta inali kusiya kulemba anthu ntchito. Malo ofufuzira zaulimi ndi nthambi za ulangizi anakhala zaka zambiri osalandira munthu watsopano. Pa nthawi yomweyo, dongosolo la ulangizi lomwe World Bank inkalimbikitsa kuyambira m'ma 1970, lotchedwa Training and Visit, lomwe alangizi ankaphunzitsidwa pafupipafupi n'kumayendera alimi pa masiku oikika, linagwa chakumapeto kwa m'ma 1990 thandizo la ndalama litatha, chifukwa maboma sakanatha kulipira okha alangizi ambiri chotero. Zotsatira zake zikuonekabe. Bungwe lofufuza za ndondomeko za chakudya la IFPRI, kudzera mu pulogalamu yake ya ASTI yomwe inkawerenga ofufuza zaulimi, linapeza kuti m'mayiko ambiri a kum'mwera kwa Sahara oposa theka la ofufuza okhala ndi PhD anali atadutsa zaka 50. Pamwamba pali akuluakulu oyandikira kupuma pantchito, pansi pali achinyamata olembedwa posachedwa, pakati palibe anthu okwanira.

Apa ndi pomwe ena amasangalala msanga n'kumati akuluakulu akapuma ntchito zichuluka. Ine ndimakayikira mawu amenewa. Munthu akapuma, mpando wake umadzazidwa pokhapokha ngati pali ndalama yolipira wolowa m'malo, ndipo m'maunduna ambiri mipando imakhala yopanda munthu kwa zaka ngakhale ikuoneka pa pepala. Fodya wako ndi yemwe ali pamphuno: ntchito ndi yomwe yalengezedwa ndipo ndalama yake ilipo. Chomwe n'choona n'chakuti wachinyamata amene walowa amatha kukwera msanga chifukwa opikisana naye a msinkhu wapakati ndi ochepa. Kuipa kwake, amapatsidwa udindo asanapeze womuphunzitsa ntchito, ndipo pa ntchito ngati yopanga mitundu yatsopano ya mbewu, pomwe mtundu umodzi umatha kutenga zaka khumi, kusowa wamkulu woti akulondolere ndi vuto lenileni.

Za atsikana, chithunzi chikusintha, ngakhale sichikusintha mofanana paliponse. ASTI inapeza kuti cha m'ma 2014, mwa ofufuza zaulimi anayi alionse kum'mwera kwa Sahara, mmodzi yekha anali wamkazi. Koma ku United States, m'masukulu ophunzitsa madokotala a ziweto, ophunzira pafupifupi 80 pa 100 alionse tsopano ndi akazi, pa ntchito yomwe kale inkatengedwa kuti ndi ya amuna okhaokha. Pakhomo polowera sipovuta kwambiri masiku ano. Povuta ndi pakati pa ulendo. Zaka zomwe munthu amachita digiri yachiwiri ndi PhD ndi zomwezo zomwe ambiri amayamba banja. Malo oyesera mbewu amakhala kutali ndi matauni, ndipo nyengo yolima siyembekezera munthu: mukaphonya nthawi yodzala kapena yoyeza zokolola, kafukufuku wa chaka chonse wapita. Akazi ambiri amatsalira pamenepa, n'chifukwa chake akuchuluka m'maudindo apansi koma akuchepa m'mipando ya oyang'anira. Bungwe la AWARD linakhazikitsidwa ku Nairobi mu 2008 kuti lithandize pa vuto lomweli popatsa ofufuza achikazi owalangiza ndi maphunziro a utsogoleri.

Abale akamati mtsikana sangafike patali, atchulireni Segenet Kelemu wa ku Ethiopia, katswiri wa matenda a mbewu amene anatsogolera bungwe lofufuza za tizilombo la icipe kuyambira 2013 mpaka 2023. Atchulireninso Maria Andrade wa ku Cape Verde, mmodzi wa omwe analandira World Food Prize mu 2016 chifukwa cha ntchito yawo pa mbatata yofiira mkati yokhala ndi vitamini A, ndi Mariangela Hungria wa ku Brazil, amene analandira mphotho yomweyo mu 2025 chifukwa cha kafukufuku wa tizilombo ta m'nthaka tomwe timachepetsa kufunika kwa feteleza. Amenewa ndi ochepa, sindikukana, koma alipo.

Tsopano ndalama. Nditenga manambala a ku United States chifukwa ofesi yawo yowerengera za ntchito imafalitsa malipiro a ntchito iliyonse mwatsatanetsatane. Mu May 2023, malipiro apakati a asayansi a zaulimi ndi zakudya anali madola 76,400 pachaka, kutanthauza kuti theka ankalandira kuposa pamenepo, theka pansi pake. Malipiro apakati a ogwira ntchito onse m'dzikolo anali madola 48,060. Madokotala a ziweto anali pa 119,100, maloya pa 145,760. Musavutike kusintha ndalamazi kuti muone kuti n'zingati kwanu, chifukwa moyo kumeneko mtengo wake ndi wina. Onani mndandanda wake. Katswiri wa zaulimi ali pamwamba pa wantchito wamba, ali pansi pa loya. Pamenepa abale anu akunena zoona.

Koma nambala yapakatiyi imabisa zambiri, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse bwino. Anthu awiri omwe anakhala m'kalasi imodzi, digiri imodzi, amatha kusiyana malipiro kwambiri, ndipo chowasiyanitsa nthawi zambiri si nzeru ayi. Ndi amene akulipira nzeruzo.

Taganizirani mlangizi wa zaulimi. Malangizo ake akhoza kupulumutsa zokolola za mabanja mazanamazana, koma mlimi wamng'ono sangamulipire, ndipo akauza mmodzi, nzeruyo imafalikira kwa anzake mwaulere. Choncho wolipira ndi boma. Boma limalipira potengera giredi, osati phindu la ntchito, moti katswiri wa nthaka ndi kalaliki wamkulu amatha kukhala pa mlingo umodzi. Mu 2003, ku Maputo, atsogoleri a mayiko a Africa analonjeza kuika 10 peresenti ya bajeti ku ulimi, ndipo anabwereza lonjezolo ku Malabo mu 2014. Mayiko ochepa okha ndi omwe akwaniritsa, ndipo ngakhale kumene ndalama zakwera, gawo lalikulu limapita ku zipangizo zotsika mtengo, osati ku malipiro a alangizi kapena ku kafukufuku. Ntchito ya boma ili ndi zabwino zake: siitha wamba, ili ndi penshoni, ndipo nthawi zambiri ndi kumene kumapezeka mwayi wopita kukawonjezera maphunziro uku malipiro akubwera.

Ku kampani nkhani ndi ina, chifukwa nzeru ya katswiri imatsekeredwa m'thumba la mbewu kapena m'botolo la mankhwala n'kugulitsidwa. Makampani ngati Bayer, yomwe inagula Monsanto mu 2018, Corteva, Syngenta kapena Yara ya feteleza amatha kuwerenga phindu lomwe munthu wabweretsa, ndiye amalipira bwino. Koma achinyamata ambiri sauzidwa kuti ntchito zambiri kumeneko n'zogulitsa. Dzina pa khadi likhoza kukhala la katswiri wa mbewu, koma kumapeto kwa mwezi funso ndi lakuti wagulitsa matumba angati. Kafukufuku wina wa unduna wa zaulimi wa United States (USDA) ndi Purdue University anayerekeza kuti pakati pa 2020 ndi 2025 ku United States kuzipezeka ntchito 59,400 chaka chilichonse za omaliza maphunziro a zaulimi, zakudya ndi zachilengedwe. Mwa zimenezi, 42 peresenti zinali za kayendetsedwe ka bizinesi, 31 peresenti za sayansi ndi uinjiniya, ndipo 13 peresenti yokha ndi yomwe inali ya kulima ndi kuweta kwenikweni.

Gulu lachitatu ndi mapulojekiti a mabungwe othandiza. Malipiro amakhala okoma, galimoto ilipo, koma kontilakiti ndi ya zaka ziwiri, zitatu, mwina zisanu. Zomwe zinachitika mu 2025, boma la United States litatseka bungwe lake lothandiza mayiko ena la USAID ndipo mapulojekiti ambiri a zaulimi n'kuima mwadzidzidzi, zaonetsa kuti ntchito zoterezi zimatha kutha ndi kalata imodzi. M'malo ofufuzira a CGIAR, mgwirizano wa padziko lonse wa kafukufuku wa zaulimi womwe ulipo kuyambira 1971, mulinso kusiyana kwina komwe anthu salankhula kawirikawiri: wolembedwa ngati wantchito wa m'dziko momwemo ndi wolembedwa ngati katswiri wochokera kunja amalandira mosiyana kwambiri, ngakhale akugwira ntchito m'munda umodzi woyesera.

Kuti malipiro a boma akhale otsika si lamulo lachilengedwe. Brazil itakhazikitsa Embrapa, nthambi yake yofufuza zaulimi, mu 1973, inaipanga kukhala kampani ya boma yokhala ndi mlingo wakewake wa malipiro, n'kutumiza ofufuza ambiri kukachita digiri yachiwiri ndi PhD. Anthu amenewa ndi omwe anathandiza kuti nthaka ya asidi ya dera la Cerrado, yomwe inkaonedwa ngati yopanda ntchito, iyambe kubala soya wochuluka. Dziko likasankha kulipira ofufuza ake, amakhala.

Ndiye yankho langa, mayi, ndi lakuti msiyeni aphunzire, koma alowe akudziwa zinthu zingapo. Ngati cholinga chake ndi kupanga mitundu yatsopano ya mbewu kapena kufufuza matenda ake, digiri yoyamba siikwanira, ndipo ayambe kuganizira msanga za yachiwiri. Malo ngati WACCI ku University of Ghana ndi ACCI ku University of KwaZulu-Natal anakhazikitsidwa kuti aziphunzitsa akatswiri oterewa. Asanyoze maphunziro a masamu ndi kusanthula manambala pa kompyuta, ngakhale ambiri amawathawa, chifukwa munthu amene amadziwa mbewu komanso amatha kusanthula zotsatira za kafukufuku amafunidwa ndi boma, makampani ndi mabungwe omwe, ndipo amatha kusamuka kwina kukavuta. Pa tchuthi azikagwira ntchito kumalo oyesera mbewu kapena ku kampani, ngakhale ya malipiro ochepa, kuti aone ngati dzuwa, matope ndi maulendo akuzikonda m'thupi osati m'buku mokha.

Musanalipire fizi, funsani sukuluyo kuti omwe anamaliza zaka zitatu zapitazi ali kuti, ndi angati akugwira ntchito ya zomwe anaphunzira, ndipo anawalemba ndani. Ngati sukulu ilibe yankho, pezani awiri kapena atatu mwa ophunzira akalewo, makamaka aakazi, mwana wanu acheze nawo yekha. Awafunse za malipiro pamodzi ndi nyumba, mayendedwe, penshoni ndi tchuthi cha uchembere, chifukwa pa ntchito za kumidzi zinthu zimenezi nthawi zina zimalemera kuposa nambala yolembedwa pa kalata yolembera ntchito.