Kodi mapiritsi owonjezera magazi amadyetsa tizilombo?

Mayi wina wa ku Luchenza wandilembera imelo kuti mpongozi wake woyembekezera wasiya kumwa mapiritsi a ayironi a kusikelo, ati wina wamuuza kuti amanenepetsa tizilombo ta matenda. Amayi, funso lanuli landifika pamtima.

Achemwali anga ankathyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Mulanje. Pa mimba yawo yomaliza anayamba kutuwa, zikhatho mbee, akakwera kachitunda pang'ono mtima phaphapha. Mapiritsi anali nawo, koma ankawabisa pansi pa mphasa atamva mphekesera yomweyi. Pochira anataya magazi ambiri, ife usiku wonse pikitipikiti kusaka wachibale woti apereke magazi. Anapulumuka, komatu mpaka lero ndimapsa mtima ndi anthu ofalitsa nkhani yomwe anangoimva theka.

Mabakiteriya amafunadi ayironi, izo n'zoona. Koma samangomeza chimezemeze. Mabakiteriya monga E. coli ndi Salmonella ali ndi puloteni yotchedwa Fur, yomwe Klaus Hantke wa ku Germany anaifotokoza mu E. coli mu 1981. Fur ali ngati mlonda wa pageti. Ayironi akakwana m'kati mwa bakiteriya, amamatirira pa Fur, ndipo Fur amakakhala pa DNA, yomwe imasunga malangizo a momwe bakiteriya amagwirira ntchito, n'kutseka majini (zigawo za DNA) onse otolera ayironi. Akachepa, Fur amachokapo, majini aja n'kutseguka. Apa bakiteriya amatulutsa timankhwala totchedwa siderophore, monga enterobactin, tokalanda ayironi komwe ali. Palinso RyhB, kachidutswa ka RNA (chinthu chofanana ndi DNA), koletsa kupanga mapuloteni omwe amadya ayironi wambiri mpaka zinthu zitakhala bwino. Nanga Fur amatsekeranji majini aja? Ayironi akachuluka amaononga DNA ya bakiteriya yemweyo. Ine zimenezi zimandigometsa nthawi zonse.

Thupi lathunso silinagone. Ayironi wa m'magazi amayenda atagwiridwa ndi puloteni yotchedwa transferrin, ndipo matenda akalowa m'thupi, chiwindi chimatulutsa timankhwala totchedwa hepcidin kuti ayironiyo abisike kwambiri.

Nanga mantha anachokera kuti?

Kafukufuku wa pa chilumba cha Pemba ku Tanzania, wofalitsidwa mu 2006, anapeza kuti ana aang'ono opatsidwa ayironi tsiku lililonse m'dera la malungo ankagonekedwa m'chipatala kuposa anzawo. Amenewo anali ana, ndipo phunziro lake linali lakuti ayironi aziyendera limodzi ndi kupewa malungo. Palibe anati amayi apakati ataye mapiritsi! Wonena zimenezo akuika moyo wa mayi ndi khanda pachiswe, ndipo sindimunyengerera.

Chomwe bwenzi tikukambirana kuno kwathu ndi tiyi. Timamwa m'mawa, masana, madzulo, osadziwa kuti tiyi amalepheretsa matumbo kuyamwa bwino ayironi. Achemwali anga ankatsitsira nsima ndi tiyi.

Mpongozi wanu ayambirenso kumwa mapiritsiwo ndi madzi, patalipatali ndi tiyi. Azigona m'neti, amwe Fansidar wa kusikelo, ndipo thupi likatentha athamangire kuchipatala tsiku lomwelo.