Mwana wofunsa za bwalo la njinga angaphunzire chiyani?

Mayi wina wa ku Zomba alemba kudandaula kuti mnyamata wawo wa Fomu 3 amathera nthawi pa foni kuonera mipikisano ya njinga yochitikira m'bwalo lotchedwa velodrome, ndipo wayamba kuvutitsa aphunzitsi ndi mafunso awiri: chifukwa chiyani bwalolo linapendekeka m'makona, nanga n'chifukwa chiyani opalasa onse amakhotera kumanzere? Mayiwo akufuna kudziwa ngati chidwi choterechi chingamufikitse kwina kulikonse.

Mayi, musamulande foniyo msanga, chifukwa mafunso akewa ndi omwe akatswiri omanga misewu amalimbana nawo tsiku ndi tsiku.

Bwalo la mpikisano wa Olimpiki nthawi zambiri limakhala la mamita 250 kuzungulira kamodzi, ndipo lili ndi mbali ziwiri zowongoka ndi makona awiri aakulu. Njinga zake zilibe mabuleki, ndipo mapedulo ake saima malinga gudumu likuyenda, choncho wopalasa sangachepetse liwiro mwadzidzidzi pofika pakona monga amachitira wa kabaza. N'chifukwa chake makonawo amawapendeketsa madigiri oposa 40, pomwe mbali zowongoka zimapendekeka pang'ono chabe, madigiri 12 kapena 13. Mwanayo atha kudzitsimikizira yekha ndi masamu a kusekondale. Atenge liwiro la makilomita 54 pa ola, omwe ndi mamita 15 pa sekondi, alichulukitse ndi ilo lomwe, kenaka agawe 225 wotulukayo ndi 245, yemwe ndi 9.8 wa mphamvu yokokera pansi kuchulukitsa ndi radiyasi ya kona ya bwalolo, tinene mamita 25. Akafufuza yankholo pa tebulo la tangent adzapeza madigiri pafupifupi 43, kupendekeka komwe kumachititsa kuti matayala akanikize thabwa mwachindunji osaterereka.

Mbali ziwiri za bwaloli zimakhalanso zofanana, ndipo imeneyi ndi nkhani ya chilungamo. Pa mpikisano wothamangitsana wa matimu wa mamita 4,000, omwe ndi maulendo 16 ozungulira, matimu awiri amayambira pakati pa mbali zowongoka moyang'anizana, ndipo theka lina likanakhala losiyana ndi linzake, wina akanayamba atapambana kale. Ngakhale utali wa bwalo sauyeza paliponse ayi. Amauyeza pa mzere wakuda wolembedwa masentimita 20 kuchokera m'mphepete mwa m'kati.

Za kukhotera kumanzere, kumeneko ndi kutsatira malamulo a masewerowa, monga amachitiranso othamanga pa Bingu National Stadium, ndipo nthano zimene zimafala zoti mtima wa munthu ndiwo umafuna zimenezo ine sindizipatsa mtima. Chosangalatsa n'choti lamulolo limabala nzeru zatsopano. Pa Olimpiki ya ku Rio de Janeiro mu 2016, timu ya amayi ya ku America inapalasa njinga za kampani ya Felt zokhala ndi tcheni kumanzere m'malo mwa kumanja, poganizira kuti njinga yokhotera mbali imodzi yokha siyenera kupangidwa ngati ya pamsewu. Anapata mendulo ya siliva.

Tsopano za ntchito, ndipo apa ndilankhule mosabisa. Okonza mapulani a mabwalo otere ndi ochepa kwambiri padziko lonse. Odziwika ndi monga banja la Schürmann la ku Münster ku Germany, ndi Ron Webb amene anakonza bwalo la matabwa a paini wa ku Siberia la Olimpiki ya ku London mu 2012. Mwana asaike mtima wonse pa khomo lopapatiza chotero. Koma kuwerengera kupendekeka kwa kona ndi luso lomwe limafunika pomanga msewu wokhotakhota wa m'phiri kapena njanji, ndipo limaphunzitsidwa mu civil engineering, omwe ndi maphunziro a uinjiniya wa zomangamanga, pomwe kuyeza malo ndi kujambula mapulani a nyumba ndi nthambi zoyandikana nazo. Maphunziro onsewa alipo ku MUBAS ku Blantyre, komwe kale kunkatchedwa Polytechnic, ndipo malo amalimbiranidwa, choncho masamu, Physics ndi Chingelezi ayenera kuzikhoza bwino kwambiri pa MSCE. Ngati sukulu yake ili ndi Technical Drawing kapena Additional Mathematics, muwapemphe aphunzitsi aakulu amulole kulowamo ndithu, ndipo kuwerengera kwa madigiri 43 kuja akakusonyeze kwa mphunzitsi wake wa Physics sabata ino.