Funsani Adokotala: Kodi ana asukuluwa akuphunzirira pa ife?

FUNSO

Adokotala, sabata yatha ndinaperekeza mayi anga kuchipatala china cha boma kuno ku Zomba. Ali ndi zaka 67, amamwa mankhwala a BP, ndipo sabata yonse ankadandaula mutu, usiku tulo osabwera. Tinalawirira, komabe tinakhala pabenchi mpaka dzuwa kufika paliwombo. Titalowa tinapeza mtsikana wa gauni yoyera, msinkhu wa mwana wanga wachiwiri. Anati ndi wophunzira udokotala. M'malo molemba mankhwala anayamba mafunso osatha: mumakhala ndi ndani, amakuphikirani ndani, mchere mumathira wochuluka bwanji, bambo anatisiya liti, usiku mumaganiza chiyani. Atatha apo anakaitana adokotala aakulu, iwonso n'kubwereza ena mwa mafunso omwewo. Mapeto ake mankhwala ndi omwe aja a masiku onse. Anangowaletsa Brufen amene amagula pagolosale, n'kutiuza kuti tibwerenso pakatha masabata awiri. Kodi kumeneku si kutisandutsa zophunzirirapo? Bwanji anawa osakaphunzira ku Queens, kufupi ndi sukulu yawo? Nanga munthu akhoza kukana?

Mayi wa ku Chinamwali

YANKHO

Mayi, ndiyambe ndi funso lomalizalo poti yankho lake n'lalifupi. Inde mukhoza kukana, ndipo chithandizo mulandirabe. Wophunzira ayenera kudziulula kuti ndi wophunzira asanakugwireni n'komwe, n'kupempha chilolezo. Mukati "pepani, ndikufuna andione adokotala eni ake," ayenera kuvomera osakwinya nkhope. Mtsikana munam'pezayo anadziulula, ndipo pamenepo ndam'patsa ulemu, chifukwa alipo ena amene gauni ikangowakhala bwino amaiwala kunena.

M'zipatala za kuno mumadutsa ophunzira osiyanasiyana. Ena ndi a unamwino ochokera ku Malawi College of Health Sciences kapena ku St Luke's ku Malosa, ena akuphunzira ntchito ya clinical officer, ena ndi a udokotala ochokera ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS (Kamuzu University of Health Sciences). Palibe mmodzi mwa iwo wololedwa kulemba mankhwala payekha. Wosaina m'buku lanu ayenera kukhala munthu amene anamaliza maphunziro ndipo bungwe loona za ntchito yake linam'lembetsa, monga Medical Council of Malawi kwa madokotala ndi ma clinical officer. N'chifukwa chake mtsikanayo anakaitana wamkulu. Akanapanda kutero, ndikanakuuzani kuti mukaonane ndi ombudsman wa pachipatalapo, amene amalandira madandaulo a odwala.

Komabe ine pempho langa n'lakuti musamakane.

Ku Queens amaphunzirako ndithu, ndipo nthawi yawo yambiri imathera m'mawodi a zipatala zikuluzikulu. Vuto n'lakuti wodwala wa kuwodi yoteroyo amafika atasankhidwa kale. Wadutsa kuchipatala chaching'ono, wabwera ndi kalata, pabedi pake palembedwa kale dzina la matenda. Wophunzira amaona nsomba zosanjidwa pathandala, matemba paokha, milamba payokha. OPD, kumene amaonera odwala osagonekedwa, ndi khoka longovuulidwa kumene m'Chilwa, zonse zili pamodzi ndi matope omwe, wosankha ndiwe. Pabenchi limodzi pakhala mwana wotentha thupi, mnyamata wa ku Kachulu wokodza magazi, mayi amene watsokomola masabata atatu koma akuti ndi chimfine chabe, bambo wa shuga amene chala chakuphazi chayamba kuda, ndi agogo odandaula mutu ngati mayi anu. Ambiri mwa amenewa akapita kwawo ndi Panado achira. Mmodzi akabwerera kwawo lero, adzabweranso atanyamulidwa. Kum'zindikira ameneyo pakati pa anzake, mwachangu, wopanda makina ojambulira, ndiye udokotala umene dziko lino likuufuna kwambiri, ndipo munthu sangauphunzire ataima pambali pa bedi la wodwala amene ena anam'peza kale matenda.

Tengani nkhani ya malungo. Kapimidwe ka pachala kaja kakaonetsa kuti malungo alipo, ntchito n'njophweka, munthu alandira LA, basi. Mutu umaima kakaonetsa kuti mulibe, mwana thupi lili moto, mayi ake akukuyang'ana m'maso kudikira mankhwala. Dokotala wosaphunzitsidwa bwino amangolemba amoxicillin kuti mayiyo asatuluke chimanjamanja. Wophunzitsidwa bwino amavula mwanayo malaya, n'kuwerenga mpweya kwa mphindi yathunthu, n'kuyang'ana m'khutu ndi kukhosi, n'kupinda khosi, n'kufunsa za mkodzo. Nthawi zina akatero amapeza chibayo. Nthawi zina sapeza kanthu koopsa, ndipo pamafunika mtima kuti anene kuti, "Mayi, mwanayu safunika mankhwala ena kupatula otsitsa kutentha, koma akayamba kukana kuyamwa kapena kupuma mobanika, mubwere ngakhale pakati pausiku." Mawu amenewa ophunzira amachita nawo mantha kuposa kusoka bala.

Ine ndikakhala ndi wophunzira ndimam'patsa chipinda choyandikana ndi changa. Iye aone wodwala mmodzi modekha, ine ndikuthamangitsa mzere. Akatha amabwera kudzandifotokozera, ndipo ndimafuna nkhani yonse ithe m'mphindi ziwiri zitatu. Poyamba ambiri amandiwerengera chilichonse chimene alemba, kuyambira mudzi ndi mfumu. Ndimawadula: "Chabwino, iwe ukuti akudwala chiyani?" Apa m'pamene maso amagwa pansi, chifukwa kuwodi anazolowera kuti wamkulu ndiye amatchula matenda, iwo n'kulemba. Ndimadikira mpaka atchule, ngakhale aphonye. Kenako: "Ukutero chifukwa chiyani? Chimene chingam'phe munthuyu sabata ino n'chiyani, ndipo watsimikiza bwanji kuti si chimenecho? Mankhwala ukufunawo alipo pano? Ngati palibe, akagula ndi chiyani?" Tikatero timapita tonse kwa wodwala, ndifunsenso mafunso angapo, ndigwirenso pamene iye wagwira. Kubwereza kunakutopetsani kuja ndi kumeneku. Mayi anu tsiku limenelo anaonedwa ndi anthu awiri, pamene ena pamzere womwewo anaonedwa ndi mmodzi, mothamanga.

Tsopano tione zimene mwandilemberazo chimodzi ndi chimodzi, chifukwa mukuti munabwerako ndi mankhwala omwe aja ngati kuti ulendo unapita pachabe. Kwa ine chinthu chachikulu chimene munabwera nacho ndi kuletsedwa kwa Brufen. Mankhwala amenewa amachititsa thupi kusunga mchere ndi madzi, amakweza BP, amafooketsa mphamvu ya mankhwala ena a BP monga HCTZ ndi enalapril, ndipo kwa munthu wachikulire amatha kuwononga impso ndi kuyambitsa zilonda zam'mimba. Kuwonjezera apo, munthu akamamwa mankhwala opha ululu pafupifupi tsiku lililonse, mankhwalawo pawokha amatha kumadzutsa mutu. Wothamanga akanaona BP yakwera, n'kuwonjezera mankhwala achiwiri, Brufen akumwedwabe kunyumba. Mtsikanayo anaipeza nkhaniyi chifukwa anafunsa, ndipo anthu athu satchula za pagolosale kapena za kwa asing'anga pokhapokha atafunsidwa mwaulemu.

Za mchere n'zomveka. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 patsiku, imene ndi supuni imodzi yaing'ono ya tiyi, kuwerengera zakudya zonse. Koma mchere sukhala m'botolo mokha. Uli mu soda wa m'therere, m'nsomba zouma zothira mchere, m'tizokometsera ndiwo ta m'mapaketi. Ndiye funso lakuti amaphika ndani silinali lachibwana. Kuuza agogo kuti achepetse mchere pamene mphika uli m'manja mwa mdzukulu kapena mpongozi n'kutaya mawu. Woyenera kumva malangizowo ndi wogwira mthiko, ndipo ngati ndi inu, ndiye anakufunsani pamaso panu dala.

Funso la bambo ndi la maganizo a usiku ndi limene ndikuganiza kuti linakukhumudwitsani, poti kwathu kuno mwana safunsa akulu zoterozo. Koma ndakhala m'chipinda chopimira nthawi yokwanira kudziwa kuti chisoni ndi nkhawa sizibwera kuchipatala ndi dzina lake. Zimabwera ngati mutu wosatha, kuphwanya kwa thupi lonse, mtima kuthamanga, kusowa tulo, kusafuna kudya. Mayi wamasiye amatha kuzungulira zipatala chaka chathunthu, buku n'kudzaza ndi Panado, popanda wom'funsa kuti kunyumba kuli bwanji. Tili ndi chipatala cha matenda a maganizo mumzinda mwathu muno, koma ambiri ovutika ndi nkhawa sadzafikako ndipo safunikanso kufikako. Ofunika kuwazindikira ndi wa ku OPD. Kaya mayi anu ali ndi vutoli kaya alibe, kufunsako kunali koyenera. Chimene ndingam'dzudzule wophunzira aliyense ndi kufunsa zoterezi chitseko chili chotsegula, kapena osayamba wapepesa ndi kufotokoza chifukwa chake akufunsa.

Masabata awiri aja musawaphonye. BP yoyezedwa kamodzi, munthu atayenda mtunda, atakhala padzuwa ndi njala, mutu ukuwawa, siuza zonse. Poyeza bwino munthu amayamba wakhala pansi mphindi zisanu, msana utatsamira, mkono uli patebulo, ndipo timayeza kawiri. Ikamapezeka pa 140/90 kapena kuposa maulendo angapo, Brufen atasiyidwa, m'pamene timaganiza zosintha mankhwala. Mukamapita mutenge buku lawo, lakale lomwe ngati lilipo, ndi mankhwala onse amene ali m'nyumba, m'mapepala ake, ngakhale azitsamba.

Pa za mzere ndilibe chokutsutsani. Wophunzira amachedwetsa, ndipo malo ambiri alibe chipinda chapadera chomuika, ndiye mzere wonse umaima kudikira iye. Ndi udindo wa ife ophunzitsa kukonza zimenezi, komanso kutuluka panja m'mawa n'kuuza anthu kuti lero tili ndi ophunzira, amene akufuna kuonedwa nawo adziwiretu kuti zitenga nthawi. Tikatero anthu ambiri amavomera, agogo makamaka, ena mpaka kum'langiza mwanayo kafunsidwe kabwino.

Chimodzi chokha musadikire nacho tsiku lokuuzani: mutu ukabwera mwadzidzidzi woopsa kuposa kale lonse, pakamwa pakapindika, dzanja kapena mwendo ukafooka mbali imodzi, lilime likalemera, akayamba kuona mwachimbuuzi kapena kusanza, thamangani nawo nthawi yomweyo, ndipo mukafika musakhale pabenchi. Uzani anamwino pakhomo pomwepo.

FUNSO

Mwana wanga ali m'chaka chachinayi cha udokotala. Pano ali ku Mangochi, akuti akuphunzira Family Medicine, ndipo wayamba kunena kuti akadzamaliza adzapitiriza zomwezo. Ine ndimayembekezera kuti adzakhala wa opaleshoni. Kodi zimenezi si za amene alephera zinazo?

Bambo wa ku Domasi

YANKHO

Ayi bambo, mtima ukhale pansi. Sukulu ya udokotala inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991 ndi dzina loti College of Medicine, ndipo kuyambira 2021 ili m'yunivesite ya KUHeS. Mu 2011 anayamba kutumiza ophunzira a chaka chachinayi kukaphunzira Family Medicine, udokotala woona munthu yense ndi banja lake, m'zipatala za m'maboma. Amapita onse, anzeru kwambiri ndi apakatikati omwe. Mu 2015 anayambitsanso maphunziro a ukatswiri a zaka zinayi kwa madokotala amene anamaliza kale, ndipo Mangochi ndi Nkhoma ndi malo amene ntchitoyi imadziwika nawo. Womaliza amatuluka ndi digiri ya MMed, yofanana msinkhu ndi ya katswiri wa ana, wa amayi kapena wa opaleshoni.

Kumayiko ena dokotala wotere amakhala mu ofesi n'kumaona mabanja omwewo zaka ndi zaka. Kuno ntchito yake n'njotambalala. M'mawa ali kukiliniki ya BP ndi shuga, masana wayitanidwa kuti mayi walephera kubereka ndipo achite opaleshoni, madzulo ali kuwodi ya ana, mawa lake ali pagalimoto kukayendera zipatala zing'onozing'ono ndi kuphunzitsa ma clinical officer ndi anamwino amene amaona anthu ambiri kuposa dokotala aliyense m'dziko muno. Mpeni umene mukuufunawo adzaugwira ndithu, kungoti sadzagwira wokhawo. Munthu amene amamwa ma ARV, ali ndi BP, komanso wayamba kutsokomola, safuna kuima pamizere itatu masiku atatu osiyana, kulipira kabaza katatu. Amafuna mmodzi womuona yense.

Koma musam'kakamize mbali iliyonse pakali pano. Kutsogoloku kukadali chaka chomaliza, kenako miyezi 18 yogwira ntchito moyang'aniridwa asanalembetsedwe kukhala dokotala woima payekha, ndipo ophunzira amakonda gawo lililonse limene ali nalo mwezi umenewo. Akadzapita kwa ana mudzamva kuti akufuna za ana. Asankhe ataziona zonse. Panopa ingomutumizirani ya sopo ndi neti yabwino, chifukwa udzudzu wa m'mbali mwa Shire sudziwa kuti uyu ndi wophunzira udokotala.