Kodi ndi ndege zinatimangira mvula?

FUNSO: Akonzi, ndine mlimi wa ku Chadiza. Mu 2024 chimanga changa chinauma chisanamasule n'komwe. Mphwanga wa ku Lusaka wanditumizira kanema pa WhatsApp wonena kuti azungu amathira mankhwala m'mitambo ndi ndege, ndipo ndiwo anamanga mvula yathu. Kodi n'zoona?

YANKHO: Bambo, pepani ndi chimanga chija. Kwathu ku Katete nakonso nkhokwe zinali mbee. Chilala chimenecho, chomwe Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February 2024 kuti ndi ngozi yogwera dziko lonse, chinadza ndi El Niño, kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific komwe kumachepetsa mvula kuno kum'mwera kwa Africa. Ndege ilibe mlandu pamenepo. Ndili mwana, mvula ikachedwa tinkaloza chala nkhalamba za m'mudzi. Lero talozera ndege.

Komabe kanemayo sananame zonse. Zothira mankhwala m'mitambo zilipodi, ndipo zinayambira ku America mu 1946. Ndege imamwaza mchere kapena mankhwala otchedwa silver iodide mumtambo kuti timadontho tigwirane, tileme, tigwe. Anansi athu a ku Zimbabwe akhala akuchita zimenezi kwa zaka zambiri. Koma cholinga chake n'kukama mtambo womwe ulipo kale, osati kuumanga. Kumwamba kukakhala koyera ngati mu February uja, ndegeyo ingotha mafuta pachabe.

Chimene chimandisowetsa tulo ine n'china. Asayansi ena akuganiza zomwaza mankhwala otchedwa sulfur m'mwamba kwambiri, pafupifupi makilomita 20, kuti dzuwa lizifika pansi litachepako mphamvu. Nzeruyi anaionera pa phiri la Pinatubo ku Philippines: litaphulika mu 1991 n'kulavula sulfur m'mwamba, dziko lonse lapansi linazizirako pafupifupi theka la digiri kwa chaka ndi miyezi. Palibe dziko lomwe layamba kuchita izi mokwanira kusintha nyengo. Kampani ina ya ku America itaulutsa mabaluni a sulfur ku Mexico osapempha, boma la kumeneko linalengeza mu January 2023 kuti liletsa zoyesa zotere. Chaka chotsatira, pamsonkhano wa United Nations wa zachilengedwe ku Nairobi, mayiko a mu Africa anati njirayi isagwiritsidwe ntchito, ndipo zokambirana zinathera panjira. Mantha ake ndi omveka kwa mlimi aliyense: kutchinga dzuwa kungasunthe mvula, ina kuchuluka kwina, ina kusowa kwina, ndipo wotchingayo sadzakhala wa ku Chadiza.

Mu 2024 munatulukanso kafukufuku yemwe anafunsa anthu oposa 30,000 m'mayiko 30. Anapeza kuti a m'mayiko omwe akutukuka kumene amavomereza njira zoterezi kuposa a ku Ulaya. Sindikudabwa, amene wagona ndi njala sakana mankhwala. Koma kuvomereza chinthu chomwe wangochimva lero lomwe, ine sindikutenga ngati chilolezo. Ndipo mu Africa anafunsa a ku Kenya, Nigeria ndi South Africa. Inu ndi ine sanatifike.

Kanema uja musam'tumizirenso ena. Za mvula ya chaka chino mverani a zanyengo pa Breeze FM, ndipo mphwanuyo mumuuze andilembere yekha.