Kwa mayi a ku Chisitu: katemera wa poliyo ndi alongo anu

Mayi, munafunsa ngati mwana wanu ayenera kulandiranso madontho a poliyo, komanso za alongo anu amene sakufuna kutuluka m'nyumba. Lolani mwana wanu alandirenso madontho a poliyo ngakhale buku lake la kusikelo likuonetsa kuti anamaliza katemera, chifukwa madontho obwereza amalimbitsa chitetezo m'matumbo, momwe kachilomboka kamaswanirana kasanaononge mitsempha. Katemera wobaya wa Jonas Salk anayamba mu 1955, wa pakamwa wa Albert Sabin anatsatira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ndipo mu 1988, pamene mayiko anagwirizana zothetsa matendawa, ana pafupifupi 350,000 ankapuwala chaka chilichonse. Kuno kwathu poliyo anaonekanso mu February 2022 ku Lilongwe, patapita zaka 30, ndipo ife a ku Mulanje tisaiwale kuti chaka chomwecho anapezekanso ku Mozambique.

Za alongo anu amene anapuwala mwendo ali mwana, ndipo tsopano sakufuna kutuluka m'nyumba, musawanene kuti ndi ulesi. Anthu ambiri amene anadwalapo poliyo amayambanso kufooka ndi kumva kuwawa patapita zaka zambiri, ndipo munthu amene ankafika yekha pamsika wa Chitakale ndi ndodo zake amasweka mtima akaona kuti ngakhale pakhonde sakufikapo. Ndaona kwa achibale anga kuti chimawatsitsimutsa ndi kuwafunsa maganizo pa nkhani za pabanja, osati kungowaikira nsima n'kuchoka.

Mupite nawo alongo anuwo kuchipatala cha boma akaonane ndi a mafizo, ndipo ngati sakugona, sakudya kapena akulankhula zofuna kufa, pemphani namwino woona za matenda a maganizo tsiku lomwelo.